Gitala imodzi yogwira akustiki ndi yamagetsi pa shoo ya phee, ndigule iti?

Funso ili lachokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe, ndalidula pang'ono chifukwa linali lalitali ngati kalata yofunsira mbeta. Akuti: "Ndimaimba Lachisanu madzulo pa lesitilanti ina, nthawi zina kumaloji a kunyanja ku Salima. Tilipo atatu, ine pa gitala, mlongo wanga amaimba, mnzathu wina amamenya kajoni (ng'oma ya bokosi yomenya utaikhalira). Anthu amakhala akudya nde sitikweza. Ndili ndi gitala ya bokosi yaikulu koma ndikangoilumikiza ku sipika imayamba kuwuwa, ndilinso ndi yamagetsi ya mtundu wa Strat yomwe ndimaimbira nyimbo zitatu kapena zinayi basi. Ndatopa kunyamula magitala awiri pa minibasi. Msuweni wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg mu Disembala, ndimuuze andigulire Fender Acoustasonic ija kapena pali ina yabwinoko?"

Achimwene, musanamutumizire msuweniyo olo tambala imodzi, dziwani kaye kuti magitala amene amatchedwa hybrid wa, monga Acoustasonic mwatchulayo, sali pakati penipeni ayi. Otsatsa malonda amanena ngati ndi theka akustiki theka yamagetsi, koma mukaigwira m'manja mupeza kuti iliyonse ili ndi kwawo. Ina ndi akustiki yomwe yaphunzira kuyankhula chimagetsi, ina ndi yamagetsi yomwe yavala malaya a akustiki, ndipo chilankhulo chachiwiricho imayankhula ndi kamvekedwe ka kwawo ndithu, ngati ife tikamayankhula Chitumbuka chophunzira tili akulu. Nde funso lenileni silakuti yabwino ndi iti, koma kuti pa maola atatu amene mumakhala pa mpando paja, manja anu amakhala akuchita chani nthawi yambiri. Mwayankha kale nokha mu funso lanu: nyimbo zitatu kapena zinayi za magetsi, zina zonse akustiki. Sungani zimenezo m'mutu tikamapita kutsogoloku.

Njira yachidule yodziwira kwawo kwa gitala ndi kuyang'ana nsambo zimene imabwera nazo. Acoustasonic imatuluka ku fakitale ndi nsambo za akustiki, zofiirira za mkuwa zija, saizi 11 mpaka 52, ndipo nsambo yachitatu ya G ndi yokulungidwa. Kukhwatcha makodi zimakoma, kutola ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala ngati mmene amaimbira achikulire athu zimakomanso, koma yesani kuikoka G imeneyo m'mwamba ngati mmene mumachitira pa Strat yanu, chala chikuuzani. Pamene Taylor T5z imabwera ndi nsambo za gitala yamagetsi, G yake ndi yosalala, mafureti ake ndi akuluakulu, kukoka nsambo ndi kophweka, koma mukayamba kukhwatcha mwamphamvu ngati muli pa kwaya ya chitsitsimutso nsambo zimagunda mafureti ndipo mawu a akustiki aja amapyapyala. Pali chifukwa chake. Pikapu ya maginito (osati pikapu yonyamula chimanga kkk, ndikunena kachipangizo kotola mawu) imamva chitsulo chokha, nde pa nsambo za mkuwa imangomva kawaya ka mkati, mkuwa wokulunga kunja uja siumveka kwa maginito. Zotsatira zake nsambo ziwiri zazing'ono zosakulungidwa zimafuula kuposa zinzake ngati opanga sanakonze bwino. Kumbali inayo, pikapu ya piezo imamva kufinyika, ndi kachingwe kopyapyala kamene kamagona pansi pa kafupa koyera kaja ka pa buliji, nsambo ikanjenjemera kamafinyika nkutulutsa timagetsi tochepa. Nzeru yake ndi yakale, anaitulukira ndi abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie mu 1880, ndipo ndi yomweyo ili mu laitala ya gasi ija imangoti tcha popanda mwala. Piezo imafuna nsambo zolemerera kuti zikafinye bwino. Mwaona tsono, maginito akufuna izi, piezo ikufuna izo, ndipo gitala ndi imodzi, nsambo ndi seti imodzi. Wina ayenera kugonja basi.

Tsono za kuwuwa kwa gitala yanuyo, chifukwa mwina vuto lanu ndi la ndalama zochepa kuposa mmene mukuganizira. Bokosi lalikulu lija analipanga dala kuti lizinjenjemera, thabwa la pamwamba ndi lopyapyala ngati chikopa cha ng'oma ndipo mkatimo muli mpweya wambiri. Mawu akatuluka mu sipika amabwerera kudzagunda thabwalo, pikapu imawatolanso, sipika imawakwezanso, zikungozungulira mpaka huuuu uja. Pa magitala akuluakulu a mtundu wa dreadnought kuwuwa koyamba kumakhala cha m'ma 100 Hz, pafupi ndi G wa pa fureti yachitatu ya nsambo yaikulu, n'chifukwa chake mupeza kuti nthawi zambiri zimayambika mukagwira kodi ya G nkuisiya ilire. Kwachiwiri kumakhala cha m'ma 200 Hz, kumeneko ndi thabwa lenilenilo. Pa shoo ya phee ngati yanuyo, anthu akudya chambo akucheza, gitala siyenera kuwuwa ngati zinthu zaikidwa bwino, nde ine ndikukayikira kuti sipika yanu imakhala kumbuyo kwanu kapena pansi pambali pa mwendo moyang'ana bowo la gitala. Ikwezeni pa sitandi, ikhale kutsogolo kwanu pang'ono kuyang'ana anthu. Gulani kachivindikiro ka labala kotseka bowo kaja, ndi kotchipa kuposa seti ya nsambo zabwino. Pa mikisa chepetsani besi ya chanelo ya gitala, ngati pali kabatani ka low cut kadineni, ndipo ngati gitala kapena ampu ili ndi batani lolembedwa phase kapena kanobu ka notch, yesani zimenezo kuwuwa kukangoyamba. Chitani izi Lachisanu likubwerali musanagule kanthu, mukhoza kupeza kuti theka la mavuto latha.

Koma theka linalo, lonyamula magitala awiri pa minibasi kondakitala akukulipiritsani mpando wachiwiri, limenelo ndi lenileni ndipo ndikulidziwa bwino, nde tiyeni tione zimene zilipo.

Fender anatulutsa American Acoustasonic Telecaster mu 2019, Stratocaster yake mu 2020, Jazzmaster mu 2021. Zamagetsi za mkatimo anapanga mogwirizana ndi kampani ya Fishman. Telecaster ya ku America ija ili ndi zotolera mawu zitatu, piezo pansi pa kafupa, kena komatidwa mkati pa thabwa komwe kamamva mukamamenya thupi la gitala ndi dzanja, ndi pikapu ya maginito pafupi ndi buliji. Switchi yake ili ndi malo asanu ndipo malo aliwonse ali ndi mawu awiri amene mumasakaniza ndi kanobu, kukhala mawu 10. Ambiri mwa mawu amenewo ndi akustiki, amagetsi enieni ali kumapeto kwa switchi, nde mukuona kale kumene mtima wa gitalayi uli. Batire yake ndi ya mkati yotchaja ndi USB, imatha maola pafupifupi 20. Itangotuluka inkagulitsidwa madola 2,000 kuchotsapo senti imodzi, ndipo kufika nayo kuno muonjezere msonkho wa pa boda. Kenako mu 2021 anatulutsa Acoustasonic Player Telecaster yopangidwa ku Ensenada ku Mexico, pa madola 1,200, switchi ya malo atatu, mawu 6, kakumva kumenya thupi kaja anachotsa, ndipo batire ndi ya 9V ya makona anayi ija. Kunena zoona kwa munthu wa kuno ine ndimakonda Player yi kuposa ya ku America ija, osati chifukwa cha mtengo wokha. Batire ya 9V ikafa pakati pa shoo mumatsegula kachitseko kumbuyo nkuika ina, mphindi imodzi mwabwerera. Ya USB ija ngati munaiwala kutchaja, kapena magetsi kunalibe tsiku lonse kwanuko, mudalira power bank, ndipo tsiku limene batire ya mkatiyo idzakalambe si chinthu chomwe mungakapeze pa okala. Ndipo pa mawu 10 aja, aliyense amene ndamuonapo nayo amathera pa awiri kapena atatu, ena onse amangoonetsa anzake tsiku logula.

Chimene Acoustasonic imachita bwino kwambiri n'choti mumangoilumikiza ku mikisa ndi chingwe chimodzi nkumveka ngati gitala yojambulidwa mu situdiyo, ka twang-twang kouma ka piezo kaja, kamene kamamveka ngati mukuimba pulasitiki, anakaphimba ndithu. Thupi ndi lopyapyala, ndi yopepuka, khosi ndi la gitala yamagetsi nde dzanja lanu lozolowera Strat silidandaula, ndipo pa voliyumu yanuyo kuwuwa muiwale. Mawu amagetsi aja ndi okwanira kuimbira solo yoyera kapena ka rumba kofewa. Chimene singachite ndi kukupatsani Strat yanu. Pikapu ya maginito ndi imodzi, ili ku buliji, mawu onenepa a pikapu ya ku khosi aja kulibe, komanso chotulukira ndi chimodzi nde simungatumize akustiki ku mikisa, magetsi ku ampu nthawi imodzi.

Taylor T5 ndi yakale pa nkhaniyi, inatuluka mu 2005, T5z yaing'onoko inabwera mu 2014. Ili ndi humbucker (pikapu ya maginito ya makoilo awiri) yobisika cha ku khosi, ina yoonekera cha ku buliji, ndi kachipangizo komva thabwa mkati, switchi ya malo asanu, batire ya 9V. Ndi gitala yokongola zedi, kapangidwe kake ndi kaukhondo, ndipo kwa munthu amene amaimba jazi kapena makodi ofewa kuseri kwa woimba, kapena wa lidi ku tchalitchi amene amafuna kamawu ka akustiki pa nyimbo imodzi ya chopereka, ndi mfumu. Koma malo a akustiki enieni pa switchi ndi amodzi, ndipo kwa ine amamveka ngati yamagetsi yowala kwambiri osati bokosi. Mtengo ndi wa dera lomwelo la Acoustasonic ya ku America kapena kupitirira. Kwa inu amene usiku wonse mumakhwatcha ndi kutola, ndalama zimenezo mukhala mwagula mbali imene simuigwiritsa ntchito kwambiri.

Imene anthu saitchula kawirikawiri koma ine ndimaipatsa ulemu ndi Godin ya ku Canada. Kampani imeneyi yakhala ikupanga magitala a pa siteji opyapyala kuyambira kale, Multiac yawo ya nsambo za nayiloni inatuluka mu 1993, ndipo ali ndi ina yotchedwa A6 Ultra, thupi lotsekeka lokhala ndi timapanga mkati, lopanda bowo lalikulu, piezo pansi pa kafupa ndi humbucker ku khosi. Ubwino wake waukulu ndi majeki awiri. Mukhoza kusakaniza zonse mu chingwe chimodzi, kapena piezo kupita ku mikisa, humbucker kupita ku ka ampu kanu ka magetsi, ndipo mukazikweza pamodzi pang'onopang'ono mumapeza mawu onenepa oti anthu amayang'ana kufuna gitala yachiwiri. Humbucker ya ku khosi ija imaphimba kuuma kwa piezo mwachibadwa popanda kompyuta iliyonse mkati. Ikapezeka ya kaunjika ku Johannesburg pa mtengo wabwino musaidutse. PRS SE Hollowbody II Piezo nayo ili ndi majeki awiri ndipo jeki ya maginito imagwira olo batire itafa, koma imeneyo ndi yamagetsi yeniyeni, piezo ndi zokometsera chabe, si ya ntchito yanu.

Pali mfundo ina imene imasokoneza ambiri, amagula hybrid ya ndalama zambiri nkuilumikiza mu ampu yolakwika kenako nkumati anandipusitsa. Sipika ya mu ampu ya gitala yamagetsi simatulutsa mawu a pamwamba kwambiri, ikafika cha m'ma 5,000 Hz imayamba kugwa, ndipo anachita dala chifukwa ndi zimene zimapangitsa distortion, mawu okanda a gitala yamagetsi aja, kumveka yokoma osati ngati mavu mu chitini. Koma kuwala kwa akustiki, ka tsi-tsi ka nsambo ndi chikhadabo kaja, kamakhala pamwamba pa pamenepo, kamafuna sipika yokhala ndi twita, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu a pamwamba. Nde mawu a akustiki mukawaika mu ampu ya Strat yanu amamveka ngati mwafunditsa gitala bulangete, pamene mawu amagetsi okhala ndi pedo ya overdrive (kabokosi kopondera kodetsa mawu) mukawalowetsa mu mikisa mwachindunji amalasa m'makutu. Gitala imodzi koma ikufuna masipika a mitundu iwiri. Kwa inu yankho ndi losavuta poti mlongo wanu akufunikanso maiki: zonse zilowe mu sipika ya mawu onse, kaya ndi ka PA kakang'ono kaya ampu ya akustiki ya machanelo awiri ngati Fishman Loudbox Mini ya mawati 60, ndipo ngati mukufuna kudetsa mawu pa solo mugwiritse pedo yokhala ndi zoyerekeza ampu ndi sipika mkati mwake. Ngati chingwe chochokera pa inu kukafika ku mikisa ndi chachitali kupitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, ikani DI box pakati (kabokosi kothandiza mawu kuyenda mu chingwe chachitali osatola phokoso), imathandizanso ka hmmm ka magetsi kaja mukadina ground lift, makamaka kumaloji kumene akuyendetsa jenereta. Ampu ngati mukuitanitsa kunja onetsetsani kuti ndi ya 230V, za ku America zambiri ndi 120V ndipo mukangoilumikiza kuno mumva fungo. Za ku South Africa voteji ndi yomweyi, pulagi yokha ndi imene muyenera kusintha, kwawoko ndi ya mano atatu ozungulira.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, chifukwa izi simudzaziwerenga pa malonda a Fender kapena Taylor. Tinkaimba pa loji ina kunyanja, alendo ngati 30, mphepo yabwino, ine ndili ndi gitala yopyapyala yobwereka yomwe ndinkanyadira sabata yonse. Nyimbo yachinayi magetsi phethi, jenereta akuti mafuta apita kukagula. Ndinakhwatcha ndithu koma zimene zinkamveka ndi ka ting'i-ting'i ngati kaligo wa mwana, olo tebulo loyamba silinkamva, mafunde okha ankatiposa. Anatipulumutsa ndi mnyamata wina woperekera zakudya amene anali ndi gitala ya bokosi yakale kuchipinda kwake, nsambo zadzimbiri, khosi lopindika, koma inamveka mpaka ku bala ndipo tinamaliza nayo mphindi 40 anthu atayatsa makandulo, ena mpaka anati pamenepo nde panakoma kwambiri. Ma hybrid onsewa mawu awo ali mu sipika. Acoustasonic ili ndi kabowo ndipo pa sofa kunyumba imamveka mokwanira kuyeserera usiku ana akugona, koma singalimbane ndi kajoni ndi mafoloko a anthu 30. Ndipo poti zonse zimadutsa mu preamp (kabolodi ka mkati mwa gitala kokweza timagetsi ta pikapu), batire ikafa Acoustasonic ndi T5z zimangoti zii olo magetsi a pakhoma alipo. Nde mukasankha njira imeneyi muwerengere ndi ampu ya mabatire, Roland AC-33 mwachitsanzo imayenda ndi mabatire 8 a AA, imapereka mawati 30 pa magetsi ndi 20 pa mabatire, ndipo ili ndi polowetsa maiki. Fishman alinso ndi Loudbox Mini Charge ya batire yotchaja. Apo ayi, ndalama ya shoo idzakhala ikudalira amene wapita kukagula mafuta uja.

N'chifukwa chake kwa anthu ambiri amene amandifunsa funso ngati lanuli ndimawalozera kaye ku gitala imene si hybrid kwenikweni koma ili pakhomo pake, akustiki yopyapyala ya pa siteji. Yamaha anayamba mtundu wa APX mu 1987 ndi cholinga chomwechi, thupi laling'ono lopyapyala, bowo la ngati dzira, khosi lochepa, kuti izimveka pa sipika osawuwa. APX600 ya masiku ano ndi ya madola 300 ndi kanthu, imayenda ndi mabatire awiri a AA amene mupeza pa golosale iliyonse kuyambira Area 25 mpaka Senga Bay, ili ndi chochunira mkati ndi kanobu kosankha mawu a pakati amene mukufuna kudula, komwe ndi kothandiza kwambiri pochotsa kuuma kwa piezo. Popanda magetsi siyofuula ngati dreadnought yanu koma imamveka, shoo siima. Matabwa ake ndi omatikiza, anthu a ndalama amanyoza zimenezo koma kwa gitala yoyenda pa minibasi kuchoka mu kuzizira kouma kwa Lilongwe mu Julayi kupita ku chinyontho cha kunyanja, omatikiza ndi amene amapirira, thabwa lathunthu lija limafuna chinyontho cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti apo ayi limayamba ming'alu. Nyimbo zinayi za magetsi zija mumaziimba pa yomweyo, kupondera pedo yokhala ndi ka delay, ka chorus ndi kukweza pang'ono, pa voliyumu ya lesitilanti palibe amene adzaike foloko pansi kudandaula kuti imeneyo si Strat. Kapenanso muike pikapu ya maginito ya pa bowo, koma yesani kaye ngati ikukwana poti bowo la APX si lozungulira. Ndalama yotsala pa mtengo wa Acoustasonic ikwanira ampu ya mabatire, DI, maiki yabwino ya mlongo wanu ndi nsambo za chaka chonse, ndipo kunena mosabisa anthu odya aja amamvera iyeyo kuposa inu.

Ena adzakuuzani za Yamaha Silent Guitar, SLG200 ija yopanda thupi, mafelemu okha. Siwuwa olo pang'ono, imamasulidwa nkulowa mu chikwama chopyapyala, pa mahedifoni imakoma modabwitsa. Koma ilibe pikapu ya maginito nde si hybrid, ndipo magetsi akathima ndi yachete kuposa onse tatchulawa. Njira ina ya kumbuyo ndi kusiya bokosi kunyumba nkunyamula Strat yokha ndi pedo yoyerekeza akustiki ngati Boss AC-3. Mu bandi yodzaza ndi kiyibodi ndi ng'oma zimadutsa, koma mwa anthu atatu gitala ili pa mbalambanda, bodza lake limamveka pa kodi yoyamba.

Tsono ngati mtima wakakamira pa Acoustasonic, ndipo ndikumvetsa chifukwa ndi gitala yoti ukaigwira sufuna kuisiya, tengani Player Telecaster, ya kaunjika yosamalika ngati ipezeka, ndipo msuweni wanuyo asagule ndi maso. Apite ndi munthu woimba, ailumikize mu sipika ya PA kapena ampu ya akustiki osati ampu ya magetsi imene ili pafupi mu shopu, pa voliyumu yoti anthu awiri akhoza kucheza osakuwa, chifukwa gitala iliyonse imakoma ikakwezedwa. Aimbe nsambo imodzi imodzi kumvetsera ngati ina ili yotsika kuposa zinzake, zikatero ndiye kuti kafupa sikanakhale bwino pa piezo, nthawi zina ndi ntchito yaing'ono yopala pansi pake koma nthawi zina piezo yatha. Ayendetse switchi malo onse, azungulize manobu kumva ngati akukhwekhwereza, agwedeze chingwe pa jeki, atsegule ka batire kuona ngati mulibe zobiriwira za asidi. Pa fureti ya 12 mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi fureti ukhale mamilimita awiri kapena kupitirira pang'ono, ukafika atatu ndi kanthu afunse chifukwa. Ayang'ane kuseri kwa buliji ngati sikukunyamuka, kapepala kakalowa pansi pake ayisiye. Akujambulireni vidiyo pa WhatsApp muimve nokha. Ndipo nambala ya kuseri kwa mutu wa gitala aifufuze pa webusaiti ya Fender, magitala abodza olembedwa maina akuluakulu achuluka pa intaneti, mtengo ukakoma mopitirira muyeso pali chimene chabisika.

Kumbukiraninso kuti zamagetsi za mu Acoustasonic ndi T5z ndi zawozawo. Preamp ya gitala wamba ikapsa, amisiri a mawailesi ku msika amatha kuichotsa nkuika ina ya mtundu uliwonse, bola bowo likwane. Bolodi ya Acoustasonic ikafa muyembekezera munthu wina wochokera kunja, miyezi ikupita, nde dreadnought yanu ija musaigulitse, ikhale kunyumba ngati tayala la sipeya. Chizolowezi chimodzi chomwe chimapulumutsa mabatire: mukapuma, zulani chingwe pa gitala, chifukwa jeki ndi imene imayatsa preamp, mukaisiya yolumikiza usiku wonse mawa mupeza yatha.

Za ulendo, ngati msuweniyo akubwera pa basi njira ya Beitbridge, Harare, Tete mpaka Mwanza, ndi masiku awiri gitala ili pansi pa katundu wa Khirisimasi wa anthu onse, mafiriji ndi zikwama za mabulangete. Chikwama chofewa chimene imabwera nacho sichokwanira, afune kesi yolimba kapena akambirane ndi adalaivala ikhale m'mwamba ndi iyeyo, amasule nsambo pang'ono, aike zovala mozungulira mutu wake. Ikafika musaitsekere mu buti ya galimoto padzuwa, kutentha kwa mmenemo kumafewetsa guluu ndipo buliji imayamba kunyamuka. Auzeninso abweretse maseti angapo a nsambo za 11 mpaka 52 ndi mabatire a 9V a alkaline, otchipa a pamsika aja amatha musanamalize shoo ziwiri.

Mukanakhala mng'ono wanga ndikanati gulani APX600 ndi ampu ya mabatire chaka chino, muimbe nazo mpaka Epulo mvula itatha, mukadzaona kuti nyimbo za magetsi zikuchuluka pa pulogalamu yanu kufika theka, pamenepo ndiye tidzakambe za Godin kapena Acoustasonic. Koma Lachisanu lino sunthani kaye sipika ija, mutseke bowo, ndipo mundiuze ngati G ikuwuwabe.